Ndiwo Zopanda Mchere

Gregório anali munthu woti ndiwo zikachepa mchere sadandaula, amangotambasula dzanja n'kudzithirira. Ndiye sabata yoyamba ya ndiwo zopanda mchere sananene kanthu. Anakulira ku Angónia, kumene mwamuna amadziwa kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, ndipo zoterozo safunsa. Anadabwa pang'ono, poti mkazi wake Isménia sanali wosunga miyambo, koma anati mwina wayamba kukula. Sabata ina inatha, mwezi unaoneka n'kufa, nyemba zili zii ngati madzi a pampopi.

Chinali chaka chimene Tete anapenga ndi malasha. Magalimoto akuluakulu ankafola pamlatho wa Zambezi kuyambira m'mawa, alendo anadzaza nyumba zonse mpaka makhitchini, ndipo aliyense wovala chisoti cholimba ankayenda ngati mzinda ndi wa bambo ake. Gregório ankayendetsa basi yonyamula antchito a mgodi kupita ku Moatize. Anali atadutsa zaka makumi asanu, imvi zitayamba m'mbali. Mkazi wake woyamba anamwalira kalekale, ndipo Isménia anamupeza m'sitolo ya mafoni kutsidya, akuseka mokweza moti anthu apanjira ankacheuka. Anzake ankamunena kuti wakwatira msinkhu wa mwana wake. Iye ankangomwetulira, chifukwa ankamukonda mtsikanayo kufa.

Tsopano kuseka kuja kunali kutatha. Isménia anasiya ntchito osatsanzika. Ankagona chopenya kukhoma m'nyumba yawo ya ku Matundo, dzuwa la ku Tete likuotcha malata, osayatsa n'komwe chopemerera mphepo. Tsiku lina anamuuza mwamuna wake kuti anapita kuchipatala, ndipo namwino wati matenda ake ndi depressão, mtima umangolema wokha popanda choupweteka, ndipo akufuna abwerenso ndi mwamuna wake.

Gregório anaseka, ndipo ankaona ngati akumulimbikitsa. Anati amenewo ndi matenda a m'manovela, masewero aja a pa televizau. Iye anayenda pansi kuchokera ku Ulóngwe mpaka ku Dedza nthawi ya nkhondo, akulumpha mitembo, akudya mizu, koma sanaonepo munthu ndi mmodzi yemwe akudwala zimenezo. Isménia anabadwira kumsasa wa othawa nkhondo, inde, koma anabwerera kuno ali kamwana, mfuti sanaimve. Nyumba ili ndi magetsi, jelera yoziziritsira zakudya ili yodzaza, nanga chikusowa n'chiyani? Mkaziyo anayankha kuti palibe chikusowa. Nkhani ya namwino sanaitchulenso.

Za mchere zitafika mwezi wachiwiri, Gregório anapita nazo kwa mlongo wake wamkulu, Tomásia, amene ankagulitsa nsalu kumsika. Mayiyo anamvetsera akugwedeza mutu ngati munthu amene anaziona kale zikubwera. Anamukumbutsa zimene onse awiri anaphunzitsidwa kwawo: mkazi amene wagona ndi mwamuna wina sathira mchere m'ndiwo, chifukwa akathira amadula mwamuna wake, munthu n'kuyamba kutsokomola, kutupa, mpaka kumanda.

"Mano, mlongo wanga, tsegulani maso," anatero Tomásia. "Kumwezi kwake kuti kwa miyezi iwiri? Mwanayo ali ndi wina. Thokozani kuti akukumveranibe chisoni. Nanga chifuwa mukutsokomolachi, mukuti sanaiwale tsiku lina n'kuthira?"

Ku Moatize ngakhale mbuzi zinkatsokomola ndi fumbi, koma munthu wamantha safunsa mbuzi. Gregório anaganiza za anyamata a kumgodi aja, a magalimoto oyera ndi magalasi akuda, a msinkhu wa mkazi wake. Anagwirizana ndi Tomásia kuti Lamlungu aitane ankhoswe, Isménia abwezedwe kwa amalume ake. Atabwerera kunyumba anakhala pakhonde osalowa. Sankafuna kumuthamangitsa. Ankafuna munthu woti amuuze kuti si zoona, ndipo panalibe.

Lachisanu m'mawa sanali pantchito. Anaona Isménia akudzuka, akuvala osasamba, n'kutuluka osanena kumene akupita. Anamutsatira chapatali. Mkaziyo sanakwere shapa, minibasi ija yonyamula anthu. Anayenda pansi mpaka pamlatho waukulu, anafika pakatikati, n'kuima atagwira chitsulo, maso ali pa madzi a Zambezi. Gregório anabisala kuseri kwa galimoto ya mafuta imene inali pamzere, bambo wa imvi zake, thukuta lili kamukamu, akusuzumira galimoto iliyonse yoyera kuti aone imene iime. Mzere unasuntha, anabisala kuseri kwa ina. Dzuwa linakwera mpaka pamutu. Palibe anaima, palibe anaimba foni. Pomaliza Isménia anasiya chitsulocho n'kubwerera, akukoka mapazi. Gregório anati basi, chibwenzicho chandiona n'kuthawa.

Loweruka masana Isménia anaphika nyemba. Anapakula mbale ziwiri n'kukhala pamkeka, mwamuna wake pampando. Gregório analawa. Zii. Ukali umene anausunga miyezi iwiri unakwera nthawi imodzi. Anatenga chitini cha mchere, anatapa dzanja lodzaza, n'kukhuthulira m'mbale ya mkazi wake, mpaka nyemba zinayera pamwamba. Anati ngati iye akuopa kuthira, ndiye wamuthirira, adye. Ankayembekeza kuti alira, kapena ataya mbale, kapena atchula dzina la munthuyo.

Isménia anasakaniza ndi supuni n'kuyamba kudya. Anatafuna, anameza, anatapanso. Nkhope sinasinthe. Milomo inayamba kuyera, maso akutuluka misozi yokha ngati ya munthu wosenda anyezi, koma dzanja linkangopita kukamwa ndi kubwerera. Gregório anayang'ana mpaka mbale inatsala pang'ono kutha, kenaka anamugwira pamkono.

"Isménia, sukumva mchere?"

"Sindikumva, bambo. Chiyambire mvula ija sindimva kalikonse. Nyemba, tiyi, mango, zonse n'chimodzimodzi. Kodi ndakhala ndisakuthira?"

Anamuuza za mwambo uja, mawu akutuluka mopunthwa, ndi zimene Tomásia ananena, ndi za ankhoswe a mawa. Mkaziyo anamuyang'ana ngati akumva chilankhulo chachilendo. Anati za kumwezi anazimvapo kwa amayi ake ali mtsikana, ndipo ankaziseka. Za chigololozo sanazidziwe n'komwe. Sanakwiye, ndipo kusakwiyako kunamuopsa Gregório kuposa chilichonse. Anangoti ngati akufuna kumubweza amubweze, n'chimodzimodzi.

"Nanga dzulo pamlatho unkadikira ndani?"

"Munaliko?" Anayang'ana m'mbale. "Palibe amene ndinkadikira. Ndinkadikira kuti mtima ulimbe. Ndapitako kangapo. Dzulo panatsala pang'ono."

Gregório sanachotse dzanja lake pamkono paja. Anali ataima kuseri kwa galimoto theka la tsiku, akuyang'ana kumsewu, mkazi wake akutsanzikana ndi dziko pamaso pake.

Ndipo anakumbukira amayi ake. Sanawaitane, anangobwera. Kumsasa kuja ku Dedza, bambo ake atatsala m'njira, amayi ankakhala kuseri kwa chisakasa tsiku lonse, manja ali pamiyendo. Anthu ankati ndi ulesi, ena ankati n'kusayamika, poti chakudya chinkabwera chaulere ndipo aliyense anali ataferedwa. Tsiku lina kamvuluvulu anathira mchenga m'mbale yawo ya nyemba, iwo anangodya, mano akulira, osalavula. Sipanapite nthawi, m'mawa wina anati akukatola nkhuni, nkhwangwa anaisiya pakhomo. Anawapeza kuphiri patapita masiku. Pamaliro anthu anagwirizana kunena kuti anali malungo, ndipo Gregório ndi Tomásia ananena malungo kwa zaka zonsezi mpaka anakhulupirira. Ameneyu ndiye Gregório amene ankadziguguda pachifuwa kuti nthawi yawo matendawa kunalibe.

Anatapa nyemba zotsala m'mbale muja n'kuika m'kamwa. Zinamuotcha lilime mpaka kukhosi. Anadzuka mofulumira, anatenga madzi m'jelera, anamumwetsa mkazi wake atamugwirira kapu ngati wodwala, poti analidi wodwala. Madzi ena anatayikira pachitenje.

Anaimbira Tomásia n'kumuuza kuti ankhoswe asabwere. Mlongo wakeyo anayamba kukalipa kuti wadyetsedwa mankhwala. Gregório anati, "Mana Tomásia, mukukumbukira nkhwangwa ya amayi?" Kumbali inayo anamva mayi wamkuluyo akupuma movutika, ndipo foni inaduka.

Anabwerera pamkeka. Mawu onse amene ankawadziwa, akuti limba mtima, akuti ena anaona zoposa izi, anali omwewo amene anthu ankawauza amayi ake.

"Lolemba tipita limodzi kwa namwino uja," anatero. "Liwu lija la matendawa undiuzenso, ndikalitchule bwino."

Isménia anatsamira khoma n'kutseka maso. "Lolemba n'kutali, bambo."

Gregório anachita mantha amene sanawamvepo ngakhale m'njira ya ku Dedza. Kuja munthu ankadziwa kumene adani ali n'kuthawira kwina. Anati ndiye apita onse awiri kuchipatala lero lomwe, dzuwa likangopepuka, akagogoda mpaka wina atsegule. Mkaziyo sanatsegule maso.

Foni inalira. Anali a kuntchito, basi ya madzulo inali kudikira woyendetsa. Gregório anaiyang'ana, anaiika pansi chafufumimba. Anakoka mpando wake n'kuuika pakhomo penipeni, pamene munthu sangatuluke osamukhudza, n'kukhala moyang'ana m'nyumba.