Mendulo ya Bambo a Hilda

Vainess anafika pa nyumba ya okushoni, kogulitsa katundu mopikisana mitengo, asanatsegule. Anaima m'mbali mwa msewu wa Queen, manja ali m'matumba a jasi, mphepo ya Novembala ikumuluma makutu. Patapita kanthawi Zelipa anatsika sitima ya mumsewu akuthamanga, yunifolomu yake ya unesi ikusuzumira pansi pa chikhoti.

"Amayi, kodi mwagona pompano?"

"Ndagona pompano kudikira iwe. Tiye, atsegula."

Zelipa sanali mwana wake. Anali namwino wa ku Ntcheu wokhala ku Mississauga, ndipo anadziwana kutchalitchi. Koma mu Toronto wa 1976 Amalawi anali owerengeka, moti aliyense wa imvi anali mayi wa onse.

M'kati munkanunkha fumbi ndi polishi. Katundu wa malemu Dona Rennie anali atayalidwa pa matebulo, chilichonse chitamatidwa nambala. Vainess ankachidziwa chilichonse. Anayamba ntchito kwa a Rennie ali mtsikana, pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, kumene mwamuna wa Donayo anali manijala. Bwana atamwalira kuno ku Canada, Dona anamuitanitsa kuti adzamusamale. Zaka zisanu ndi zitatu anamusambitsa, kumudyetsa, kumutembenuza pabedi. Loweruka lililonse ankakhala pa tebulo la kukhitchini ndi kansalu, kupukuta siliva: ndolo zonga timasamba, zibangili zitatu zopyapyala, mkanda wolemera wa agogo ake a Dona, ndi pini ya pachifuwa ya kamwala kofiirira. Lero zonsezo zinali m'kabati yagalasi, zikunyezimira ngati mwini wake ali moyo.

Iye sanadzere zimenezo. Anadutsa kabatiyo osaima mpaka pa tebulo la pakona, pamene panali kabokosi kamtengo ka nambala 64. M'katimo, pa nsalu yofiira yothetheka, munagona mamendulo khumi ndi imodzi, akuda bii.

Mu 1955 timu ya mpira ya pa esiteti paja inatenga chikho. Goloboyi anali Lameck Sulumba, mwamuna wa Vainess. Mendulo yake anaivala tsiku limodzi lokha. M'mawa mwake Bwana anatolera onse kuti akalembetse maina kumbuyo, ndipo mainawo atalembedwa anati m'makomboni akasochera, bola akhale mu ofesi. Anakhaladi mu ofesi. Chaka chotsatira Lameck anamwalira ndi chifuwa chachikulu, kusiya mwana wa zaka ziwiri, Hilda, wopanda ngakhale chithunzi cha bambo ake. Azungu aja pochoka mu 1964, kabokosi kanachoka nawo.

Zaka zonse za ku Toronto kabokosiko kanali pa shelefu ya pabalaza, kokhoma. Vainess sanapemphe. Kamodzi anangonena kuti, "Dona, mamendulo awa ndi akale ndithu," ndipo Dona anavomera kuti ndi akale, nkhani n'kuthera pomwepo. Kwawo mawu amenewo akanakwana. Komabe sanadandaule. Ankadziwa kuti maliro akatha abale amakhala pansi n'kugawa katundu wa malemu, ndipo amene anadwazika matenda saiwalidwa. N'chifukwa chake sabata ya maliro yomweyo analembera kalata Hilda, amene tsopano anali woyembekezera ku Luchenza, kumulonjeza kuti amutumizira mendulo ya bambo ake, mwana akadzabadwa adzaione.

Anadikira kuitanidwa. Colin, mwana wa Dona, amene Vainess anamubereka kumsana ali khanda, anabwera ndi maluwa ndi khadi yothokoza, namukumbatira, namuuza kuti katundu yense apita ku okushoni. Vainess anati zikomo. Kumene iye anakulira, katundu wa pamaliro sapemphedwa.

Zelipa anabwera kuchokera pa desiki ndi khadi ya nambala yaikulu, ndipo anakhala pa mipando ya pakati.

"Tamverani amayi. Kuno si ku msika wa Limbe. Wogulitsa akatchula mtengo, inu mukweze khadi. Wina akakweza, inunso mukweze. Mumangokweza mpaka winayo atope. Mwamva?"

"Ine ndinayamba kugula zinthu iwe usanamere mano."

"Ndipatseni khadiyo ndikugwirireni, pulizi."

"Mwamunayo anali wako?"

Vainess anaika khadi pamiyendo n'kuisindikiza ndi chikwama. M'chikwamamo munali madola zana limodzi omangidwa pa kampango koyera.

Wogulitsa anali mzungu wonenepa wa tayi yobiriwira, wolankhula ngati mawu akumuotcha m'kamwa. M'dzanja anagwira kanyundo kamtengo. Anayamba ndi mipando, kenako mbale, kenako siliva. Ananyamula mkanda uja n'kuuzunguliza m'mwamba kuti nyali ziuwalire.

"Taonani mmene malemuwa ankasamalira zinthu zawo!" anatero m'Chingerezi. "Zaka zana, koma ngati wa dzulo."

Vainess anayang'ana zala zake.

Azimayi a zipewa anayamba kukweza makhadi ngati ana asukulu odziwa yankho. Mtengo unakwera, unakwera, kanyundo kanagunda. Ndolo zinapita kwa mayi wina, zibangili kwa wina, pini kwa mnyamata wa tsitsi lalitali amene anaiponya m'thumba ngati chipeso.

"Zitsiru," ananong'ona Vainess. "Ukaonetsa kuti wachifuna, wogulitsa amakudyera."

Kenako panabwera nyale ya pachipinda ya Dona. Wogulitsa anatchula madola makumi atatu. Palibe anakweza khadi. Anatsika pa makumi awiri. Zii. Anatsika pa khumi, akupukuta thukuta, mpaka mayi wina anaitenga ngati akumuchitira chifundo.

Vainess anagogoda Zelipa ndi chigongono. "Waona? Wa ku Limbe ndi wa kuno, mayi wawo ndi mmodzi."

"Amayi, si choncho. Amatsitsa pokhapokha ngati palibe amene..."

"Khala chete, yafika."

Kabokosi kanatsegulidwa kutsogolo. Wogulitsa anati ndi mamendulo a mpira a ku Africa, timu yathunthu, ndipo anatchula madola makumi asanu. Vainess anaumitsa nkhope, maso anawaponya pa zenera. Makumi anayi. Palibe. Makumi atatu.

Kumbuyo, bambo wina wokalamba wa kapu ya ubweya anakweza khadi.

"Amayi, kwezani!"

"Ameneyo ndi mnzake wa wogulitsa. Amuika dala kuti ine ndithamange. Ndimawadziwa."

"Si mnzake! Amayi, tiluza!"

Vainess anaimirira. Anakoleka chikwama paphewa, khadi ili m'dzanja lolozetsa pansi, nayamba kuyenda kulowera kukhomo. Ankayenda pang'onopang'ono, msana uli chilili, monga ankachitira kwa ogulitsa nsalu ndi a nsomba zouma. Sanalepherepo. Munthu umayenda mapazi asanu, mwina asanu ndi awiri, ndipo kumbuyo kumamveka mawu akuti bwerani mayi, tikambirane. Makutu ake onse anali kumbuyo. Phazi lachinayi. Lachisanu. Anamva Zelipa akuitana, anamva wogulitsa akubwereza mtengo kachiwiri, ndipo anati mumtima, ndi pomwepa, andiitana.

Kanyundo kanagunda.

Anatembenuka. Kabokosi kanali katatsekedwa kale, ndipo wogulitsa anali atanyamula wotchi ya pakhoma, nambala 65.

Anaima pamenepo mpaka mayi wina anamupempha kuti apatuke. Zelipa anabwera, maso ali ofiira, namugwira mkono.

"Ndinakuuzani," anayamba, koma ataona nkhope yake anameza mawu otsalawo.

"Pita ukamuuze kuti ndabwerera."

"Sizibwerera, amayi. Kanyundo kakagunda, kagunda."

Vainess ndi Zelipa anakapeza bambo wa kapu uja ali pa benchi ya m'khonde, kabokosi kali pamaondo, akuyang'ana mamendulo ndi galasi lokuzira zinthu. Dzina lake anali Doyle. Anapuma ntchito ku fakitale ya magalimoto ku Oshawa, ndipo kunyumba kwake, anatero, kunali mamendulo a mpira oposa mazana awiri. Zelipa anamufotokozera zonse m'Chingerezi chake chothamanga. Bamboyo anamvetsera, anavula kapu, anapepesa kawiri.

Vainess anamasula kampango, naika ndalama zonse pa benchi.

"Imodzi yokha, bambo. Ya goloboyi. Zinazo sungani."

Bambo Doyle anayang'ana ndalamazo, nayang'ana kabokosi.

"Mayi, mundikhululukire. Zaka makumi atatu ndakhala ndikutolera zimenezi, timu yathunthu sindinaipezepo. Nthawi zonse imodzi kapena awiri amakhala atasowa. Ndikachotsa goloboyi, chatsalacho si timu." Anakankhira ndalamazo kwa iye ndi chala chimodzi. "Mukanakweza khadi ija kawiri kokha ndikanasiya. Ndinalibe zambiri m'thumba."

Zelipa anayang'ana kumbali. Vainess anapinda ndalama zake n'kuziponya m'chikwama, kampango n'kutsala m'manja.

"Ndiigwireko."

Bamboyo anafufuza, naitulutsa, namuikira pachikhatho. Inali yaing'ono kuposa mmene ankaikumbukira, yopepuka ngati chitsekerero cha botolo. Kutsogolo kunali munthu akumenya mpira. Kumbuyo, pansi pa dzimbiri lakuda, kunali zilembo: L. SULUMBA. Aka kanali koyamba kuigwira chichokereni tsiku lija Lameck anabwera nayo kunyumba, maondo ali onyuka, mawu atasasa ndi kuimba.

Dzanja linachita zomwe linazolowera. Anauzira mpweya pa menduloyo nayamba kuipukuta ndi kampango.

"Ayi, ayi, mayi, chonde!" Bambo Doyle anatsala pang'ono kudzuka. "Osapukuta. Kudako ndiye ukale wake."

Vainess anasiya. Chilembo cha L chokha ndicho chinali chitawala.

Bamboyo, ngati wofuna kukonza zinthu, anatembenuza mamendulo ena aja. Anafunsa ngati ankawadziwa anthuwo. Vainess anawawerenga mmodzimmodzi. T anali Tobias, wa nambala naini, amene ankasewera wopanda nsapato chifukwa ankati zimamuchedwetsa. W anali Wyson, kalaliki wa pa sikelo, anapita ku migodi ya ku Joni osabweranso. Y anali Yotamu, amene anathyoka mwendo chaka chomwecho n'kukhala mlonda. Bambo Doyle anatulutsa kabuku nayamba kulemba, nkhope ikuwala ngati mwana wolandira mphatso.

"Nanga amuna anu, ankagwira bwanji?"

"Ankagwira," anatero Vainess. "Lembani choncho."

Kenako anatambasula dzanja. "Bwerekeni pensuloyo. Ndi tsamba limodzi."

Anaika mendulo pa benchi chakumbuyo chili m'mwamba, anayala pepala pamwamba pake, nayamba kukhwekhweza pensulo mopendeketsa, monga ana ankachitira ndi makobiri kusukulu ya mishoni. Zilembo zinatuluka pang'onopang'ono, zoyera pakati pa kuda kwa pensulo. Anatembenuza, nachitanso mbali ya munthu womenya mpira. Imeneyo sinatuluke bwino. Mutu sunaoneke.

Anabweza mendulo. Bambo Doyle anaigoneka pamalo pake, pakati pa Tobias ndi Wyson, natseka kabokosi.

"Ine ndakalamba, mayi," anatero akuvala kapu. "Ana anga za mpira alibe nazo ntchito. Ndikadzapita, zonsezi adzazibweretsa muno momwemo."

"Ndiye mudzawauze andidziwitse," anatero Vainess. "Tsiku limenelo ndidzakhala pansi."

Bamboyo anaseka pang'ono, kenako anazindikira kuti mayiyo sakuseka. Analemba adiresi ya Vainess m'kabuku muja, nawerama, natuluka, kabokosi kali m'khwapa.

Panja kunali kutayamba kugwa chipale chonyowa, chosungunuka chisanafike pansi. Anakwera sitima ya mumsewu yolowera kumadzulo. Zelipa anali ndi shifiti ya masana, koma sanafune kumusiya yekha.

"Tikhoza kupangitsa ina, amayi. Pali mashopu amene amalemba maina. Hilda sangadziwe."

"Ine ndingadziwe."

"Ndiye mukamuuza chiyani?"

"Kuti mayi ake ananenerera."

Pa siteji ya pafupi ndi chipatala Vainess anakankha Zelipa paphewa. "Tsika, odwala akudikira. Ine sindikudwala."

Atafika ku chipinda chake chatsopano, cha bedi limodzi ndi zenera loyang'ana khoma, sanavule jasi. Anatenga emvulopu ya ndege nalemba adiresi ya ku Luchenza. Kalata inali ya mizere inayi. Anapinda pepala la pensulo mosamala kuti zilembo zija zisafufutike, naliika m'kati. Kenako anatsegula mpopi, natulutsa kampango kuti akachape, ndipo pakona pake anaona kadontho kakuda, kakulu ngati chala chachikulu, pamene anapukutira dzina lija.

Anatseka mpopi. Anakapinda kanayi, kakudako kali m'kati, nakalowetsa mu emvulopu.