Tsiku Lobadwa la Mayi Fainess

Mu ofesi ya esiteti yathu munali mipingo iwiri. A Winston, kalaliki wakale, ankapembedza MySQL, pulogalamu yosungira mayina a antchito pakompyuta yawo ya Windows. Cuthbert, yemwe anabwera kuchokera ku Mzuzu ndi digiri komanso nsapato zoopa matope, ankalalikira PostgreSQL ya pa Linux.

"Yanuyo imadya chilichonse ngati nkhumba, bambo," ankatero Cuthbert. "Yangayi imayamba yafunsa."

"Yofunsafunsa ngati wapolisi wa parodibuloko," a Winston ankabweza.

Abwana anasankha ya Cuthbert, ndipo Loweruka iye anasamutsa mayina onse. Lolemba m'mawa mayi Fainess a ku Kapichi, amene athyola tiyi zaka makumi atatu, anabwezedwa atafika kumunda. Dzina lawo silinatuluke pafoni ya kapitawo, ndipo wopanda dzina sathyola. Anatulukira mu ofesimo dengu lili kumsana.

Vuto linapezeka msanga. Kalekale atafunsidwa tsiku lobadwa, mayiwa anati sakulidziwa, a Winston n'kungolemba maziro okhaokha. MySQL inameza. PostgreSQL inalavula, poti tsiku lotero kulibe.

A Winston anaseka mpaka kutsokomola. "Taonani tchalitchi chanu chachotsa mkhristu!"

Cuthbert thukuta linali kamukamu. "Mayi, tingolemba 1 Januwale."

"Iyayi, achimwene. Theka la esiteti ino munalibereka pa 1 Januwale. Ine ayi."

"Nanga munabadwa liti?"

"Amayi ankati matenda anawayamba ali ndi mbande m'manja, tsiku lomwe ankabzala munda wa nambala seveni."

Amuna awiriwo anathamangira aliyense kukompyuta yake, pofuna kuonetsa mnzake kuti yakeyo ndi yachangu. Zonse ziwiri zinayankha limodzi: munda wa nambala seveni, 14 Disembala 1968, mtundu wa tiyi, ngakhale dzina la nazale kumene mbandezo zinachokera. Aka kanali koyamba kuti mipingo iwiriyi igwirizane.

Cuthbert analemba tsikulo, dzina n'kubwerera. Mayi Fainess anapempha kuti awawerengerenso pang'onopang'ono, iwo akutsatira ndi milomo. Kenako anayang'ana a Winston.

"Ndiye zaka zonsezi tiyi munamusungira tsiku lobadwa, ine munandisungira maziro?"

Kuseka kuja kunathera pomwepo. A Winston anagwidwa ndi manyazi, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ngakhale anali oyera.

Mayi Fainess anakonza lamba wa dengu, ulendo wa ku nambala seveni.