Nkhope Youma ya a Bonifasio

Tsiku loika maliro a mayi Marita, m'mudzi wina kufupi ndi Mayani, maso a anthu sanali pa bokosi. Anali pa amuna awo, a Bonifasio. Amayi a kwaya ankaimba, ana akudzigwetsa pansi, koma bambowo anangokhala pampando nkhope ili gwa, osaphethira n'komwe. Dzanja lawo lamanja linkanjenjemera pabondo, zala zikutikitana ngati akupota fodya.

Pakamwa pa anthu sipachedwa. Pofika tsiku lometa, nkhani inali itapsa kale, yakuti munthu wosalira mkazi wake ndiye kuti akudziwapo kanthu, ndipo kunjenjemerako ndi mzimu wa malemu ukumugwedeza.

A Bonifasio anali mkamwini. Anakalambira pamudzi wa akazi awo, ndipo nyumba ndi munda wa kachewere zinali pa nthaka ya eni. A Zikhalo, mlongo wa malemu, anaitana Pilira, mwana woyamba wa m'nyumbamo.

"Bambo akowa tiwasudzula msanga, azipita kwawo. Nkhope ija waiona wekha."

"Amalume, kwawoko kwatsala ndani? Abale awo onse anatha."

"Izo si zanga. Mlongo wanga sanali wodwaladwala."

Pilira mtima unamuwawa, pakuti kunena zoona nayenso nkhope ija inamulasa. Koma ndi iye amene ankawaona bambo ake tsiku ndi tsiku. Mayi akali moyo, bambowo anali atayamba kale kuyenda mokwekwesa mapazi, mkono umodzi osaugwedeza. Kumanga mabatani a malaya inali ntchito ya m'mawa wonse. Mawu aja ankamveka kutsidya kwa dambo anali atazilala. Apabanja ankangoti ndi ukalamba ndi kuzizira kwa ku Dedza.

Pilira anatengera bambo ake kuchipatala cha kuboma. Dokotala anawauza kuti ayende m'chipindamo, anawapinda mkono, kenako anawapatsa kapu kuti anyamule. Atangoigwira, kunjenjemera kunachepa.

"Zizindikiro izi ndi za matenda a Parkinson," anatero dokotalayo. "Mu ubongo muli tizigawo timene timathandiza kuti minofu izimvera munthu. Tizigawoti tikayamba kufa pang'onopang'ono, thupi limauma, kuyenda kumachedwa, mawu amatsika, ndipo dzanja limanjenjemera makamaka likangokhala."

"Nanga nkhopeyi, adokotala?" anafunsa Pilira.

"Nkhope nayonso ndi minofu, mayi. Chisoni amachimva chonse, koma nkhope imakanika kuchionetsa. Si ufiti, ndipo matendawa sapatsirana. Mankhwala ochiziratu palibe, koma alipo ofewetsa thupi. Azimwa pa nthawi yake, aziyendako tsiku lililonse, ndipo asamakhale okha chifukwa kugwa sikuchedwa."

Pilira anachita manyazi aakulu. Bambo ake anali atanyamula zisoni ziwiri, ndipo mwana wawo yemwe anawakayikira.

Abale atasonkhana kuti amalize za kusudzula, Pilira anafotokoza zonse zimene anamva. Ena anagwedeza mutu movomereza, koma a Zikhalo sanasunthike.

"Za kuchipatala tazimva. Koma eni akewo alankhule okha."

Panatenga nthawi kuti a Bonifasio atulutse mawu. Anthu anayamba kusendera pafupi, chifukwa mawuwo ankatuluka ngati a munthu wonong'ona.

"Alamu, Marita ndimamulira usana ndi usiku," anatero a Bonifasio, nkhope ili chiumire. "Thupili ndi limene landitsekera m'kati. Pano pokha ndi pamene pali anthu omudziwa. Mukandichotsa, ndikamulira ndi ndani?"

Mayi wina amene anafalitsa kwambiri nkhani ija anadziphimba kumaso ndi chitenje. Kenako a Zikhalo analankhula.

"Mwambo wosudzula tidzachita nthawi yake ikakwana, koma alamu sachoka pano. Ife tinalira ndi kumasuka. Iwowa tinawasiya alire okha."

Phunziro: Matenda a Parkinson amagwira ubongo, n'kuchititsa kunjenjemera, kuuma kwa thupi, kuyenda mochedwa, kutsika kwa mawu ndi kuuma kwa nkhope. Si ufiti kapena chilango. Mukaona zizindikirozi pa m'bale wanu, pitani naye kuchipatala msanga, ndipo musaweruze mtima wake poona nkhope.