Yewo wa a Zondwayo

Cholembera cha Feston chinaima m'malere. Monga mlembi wa khonsolo ya yunivesite, ntchito yake inali kulemba zimene akuluakulu agwirizana, ndipo kawirikawiri ankagwirizana ndi a Chansala.

A Chansalawo, Dokotala Cosmas, ndiwo anali eniake a yunivesiteyo, pamodzi ndi chigayo chimene chinkalira kuseri kwa laibulale. Tsikuli anavala gauni ngakhale Mzimba yonse inali thukuta kamukamu. Nkhani inali imodzi: kuchotsa ntchito mayi Marjory, mkulu wa aphunzitsi, chifukwa chowatchula kuti "bambo" pamaso pa alendo m'malo mwa "a Chansala".

Mavoti anafanana. Anatsala a Zondwayo a ku Manyamula, oimira banja limene linapereka malo a sukuluyo. Anali atangotsika panjinga, buluku likadali lopisira m'sokosi.

"Dada Zondwayo, mukuti bwanji?" anafunsa a Chansala, uku akuwakankhira kapu ya tiyi.

"Yewo," anatero mkuluyo, nalandira ndi manja awiri.

"Avomera. Lembani, a Feston."

Feston anali wa ku Dedza, koma Mzimba inali itamuphunzitsa kuti yewo ndi thumba lalikulu: mumalowa zikomo, mumalowa moni, mumalowanso inde. Onse m'chipindamo ankadziwa zimenezi, koma anangoti maso patebulo. Feston anakumbukira mlembi amene anamusiyira mpandowu. Uja anangofunsa funso pamsonkhano, ndipo pano akugulitsa tomato pamsika wa pa Jenda.

"Inki yatha, a Feston?"

Pawindo Feston ankawaona mayi Marjory ataima pansi pa mtengo wa mango, atafumbata choko, ophunzira akuwadikira m'kalasi.

"Pepani, a Chansala. A Zondwayo, yewo ameneyu ndi wa tiyi kapena wochotsa mayi Marjory?"

Chigayo chinamveka bwinobwino.

A Zondwayo anapemerera tiyi wawo, namwa pang'ono.

"Wa tiyi, mwana wanga. Wakoma chomene. Za mayiyo, yayi. Nanga bambowa si bambo?"

Wina anatsokomola. Feston analemba kuti mayi Marjory sachotsedwa ntchito.

A Chansala anaimirira, nakonza gauni lawo modekha. Atafika pachitseko anatembenuka, namuyang'ana Feston kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Yewo, a Feston."

Feston anavindikira cholembera chake, akuyesa kukumbukira ngati tomato amalola m'dothi la kwawo.