Chaka chomwe tinasiya mtedza

Bambo athu anali telala. Ankasokera pakhonde la sitolo ya nsalu, ndipo pafupi ndi makina awo pankakhala mayi wina wokazinga mtedza. Madzulo ankabwera kunyumba thumba la jekete lili tho. Ine ndi mlongo wanga tinkawachingamira pamsewu, osati kukawalandira chikwama ayi, koma kukapisa m'thumbamo. Iwo ankangokweza manja ngati agwidwa ndi apolisi.

"Landani, mbava inu, koma musang'ambe thumba. Telala sasoka zake."

Kenako kunabadwa chitsirizira chathu, kamtsikana komwe tinkangokatcha Kanyenyeswa chifukwa cha kuchepa thupi. Atayamba kuyenda, tsiku lina nayenso anapisa nawo. Sanamalize n'komwe katedza kamodzi. Milomo inatupa, maso anatsekeka, kupuma kwake kukumveka ngati likhweru. Amayi anamunyamula n'kuthamanga osavala nsapato, bambo akuwatsatira nsapatozo zili m'manja.

Kuchipatala anamubaya jakisoni n'kumugoneka. Atamuyeza, adokotala anati thupi lake siliyanjana ndi mtedza, mazira ndi mkaka wa ng'ombe. Mazira ndi mkaka mwina adzazolowera akamakula, koma mtedza usapezeke m'nyumba, ngakhale khoko lake.

Poyamba amayi anaganiza zomaphika pawiri, za mwana pazokha. Bambo anakana.

"Poto akhale mmodzi. Mwana asamadyere pambali ngati walakwa."

Basi amayi anamanga nsalu m'chiuno. Anatulutsa zonse za m'kabati, nakwecha mapoto mpaka manja anasuwa. Chiwaya chokazingira mazira anapatsa azakhali. Chitini cha mkaka wa ufa chinasanduka chosungiramo mabatani. Tiyi tinayamba kumwa wofinyira ndimu. Mlongo wanga, yemwe ankakonda mkaka ngati mwana wa mphaka, ankasuzumira m'kapu n'kudandaula.

"Amayi, tiyi uyu ndikudziona nkhope."

"Ndiye uonerepo ngati wasamba," amayi ankatero osacheuka.

Tsiku lokumbukira kubadwa kwa Kanyenyeswa, amayi anayesa keke yopanda mazira, yothira nthochi zakupsa. Inatuluka yolimba moti mpeni unapindika. Bambo anaigogoda ndi chala nati, "Isungeni, tidzamangira khonde." Tinaidya ndithu, tikuinyika m'tiyi. Amayi sanagonje. Anayesabe Loweruka lililonse, mpaka anansi anayamba kutumiza ana kudzafunsa kuti kafungo kameneka n'ka chiyani.

Amene anavutika mwakachetechete anali bambo. Tsiku lonse fungo la mtedza linkawapeza pamakina. Anapempha mwini sitolo kuti asamukire kumapeto kwa khonde, kumene dzuwa la masana linkawaotcha kumsana. Mayi wokazinga uja anakhumudwa, poganiza kuti amusala. Tsiku lina anawatsata.

"Atelala, ndinakulakwirani chiyani? Mchere unachuluka?"

Bambo atamufotokozera, mayiyo anagwira pakamwa. M'mawa mwake anasunthira mbaula yake kutsidya kwa msewu, kuti utsi usamafike pansalu zawo. Ankangopatsana moni pokwezerana manja.

Pofika kunyumba bambo sankalowa asanasambe m'manja ndi sopo pampopi wa panja. Kanyenyeswa ankaima pakhomo akudumphadumpha, kudikira kuti amalize amunyamule. M'thumba muja anayesa kutiikira nthochi, koma inaphwanyikiramo ali m'basi, amayi n'kuichapa jeketeyo akung'ung'udza. Pambuyo pake anakhazikika pa manachesi. Sitinkawathamangira ngati kale, koma tinkapitabe.

Zaka zinapita. Mazira Kanyenyeswa anayamba kudya ali kupulaimale, adokotala atavomereza, ndipo mkaka unatsatira. Mtedza wokha unakanika. Anakula, anatalika kutiposa tonse ngakhale dzina linamukakamira, kenako anakwatiwa n'kusamukira kutali.

Patapita masabata angapo ndinapita kukaona makolo. Ndinapeza amayi akukazinga mtedza m'khitchini, zitseko zonse zili pululu. Fungolo litandipeza pakhomo, ndinaima. Ndinakumbukira msewu wathu wakale, fumbi lake, ndi mlongo wanga ali ndi kabudula wong'ambika.

Bambo anali pampando wawo, tsitsi lili mbuu. Amayi anawaikira mbale pamiyendo. Iwo anatapa pang'ono, anafikisa m'manja, nauzira makoko. Anaponya katedza kamodzi m'kamwa, nakayendetsa uku ndi uku. Mano otafunira anali atatha kalekale.

"Mayi a ana, mwachedwa nawo," anatero.

Amayi anaseka mpaka anakhala pansi, akupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu. Bambo anangomung'unya mcherewo, maso ali tsinzi. Mtedza wotsalawo tinadya ine ndi amayi, pang'onopang'ono.

Titamaliza, amayi anasesa makoko onse, nakataya kudzala. Anakwecha chiwaya kawiri, natichititsa kusamba m'manja ngati ana. Kanyenyeswa anali atanena kuti abwera Loweruka ndi mwamuna wake.