Nkhata za Maliro a Munthu Wamoyo

Seul-bi sankakonda kuyang'anidwa. M'kalasi ankakhala kumbuyo, ndipo mphunzitsi akamuloza, mawu ake ankathera pakhosi. Ndiye bambo ake, a Maeng Do-gyeom, phungu wa dera lawo, atavota kuti pulezidenti wa dziko achotsedwe pampando, munthu wa chipani chawo chomwe, mtsikanayu ankangolakalaka nthaka itamumeza.

Votiyo inali yachinsinsi. Aphungu ena a chipanicho anavotanso chimodzimodzi, koma anangoti ziii. Bambo ake okha ndi amene anatuluka m'nyumba ya malamulo ku Seoul n'kuuza atolankhani kuti, "Ine ndavota kuti achoke." Foni yawo inadzaza ndi mauthenga otukwana mpaka anaizimitsa. Kenako anthu okwiya anayamba kutumiza nkhata za maliro kuofesi yawo ya m'tauni ya kwawo, zazitali kuposa munthu, za maluwa oyera, nsalu zake zolembedwa kuti, "Wakufa iwe, wapereka chipani."

Agogo ake aamuna, a Pal-bong, sankadziwa kanthu. Anali atangowachotsa ng'ala m'maso, dokotala n'kuwaletsa kanema ndi nyuzipepala, komanso makutu awo anali olemera kale. Iwowa analowa chipani asanakwatire. Pa kampeni ya mwana wawo anayenda msika wonse akugwada kwa aliyense mpaka msana unawakana. Mayi a Seul-bi ankaopa chinthu chimodzi: kuti nkhalambayo ikamva, idzakana mwana wake.

"Ukawaperekeze agogo kuchipatala, n'kubwera nawo molunjika," anatero amayi pafoni ali ku Seoul. "Osadutsa kuofesi. Wamva?"

Anamva. Koma atatuluka m'chipatala, agogo anagwira njira ya kumsika.

"Foni ya bambo ako sikugwira. Ndikafunse anyamata ake kuofesi."

"Agogo, kukuzizira..."

"Wati chiyani?"

Kuti awaletse anayenera kukuwa, ndipo pamalo okwerera basi panali anthu. Seul-bi sanakuwe. Anangowatsatira atagwira chigongono chawo.

Atakhota pakona ya sitolo ya mankhwala, agogo anaima. Nkhatazo zinali zitandandalikidwa kuchokera pakhomo la ofesi mpaka kumsewu. Zolembazo sakanatha kuziwerenga, maso awo anali akuonabe chifunga. Koma maluwa oyera pakhomo la munthu amatanthauza chinthu chimodzi basi.

Ndodo inagwa. Agogo anakhala pansi pa simenti yozizira ija.

"Do-gyeom! Mwana wanga ine! N'chifukwa chake foni yake ili zii. Mwandibisira, anthu inu mwandibisira!"

Anayamba kudziguguda pachifuwa. Amuna amene anaima pafupi ndi nkhatazo, ovala majekete a chipani, anatembenuka. Amayi ogulitsa nsomba anasiya mipeni yawo. Mmodzi anakweza foni kuti ajambule.

"Ali moyo, Agogo," Seul-bi ananong'ona.

Sanamve. Ankangolira, kutchula dzina limene ankamuitanira mwana wawo ali wakhanda.

Apa Seul-bi anaona kuti palibenso wina. Anagwada, n'kuwagwira mapewa, ndipo mawu amene anatuluka anamudabwitsa iye mwini.

"Agogo! Bambo ali moyo! Ali ku Seoul!"

"Nanga maluwawa?"

"Awatumiza anthu okwiya! Bambo anavota kuti pulezidenti achoke!"

Msika wonse unamva. Nkhope yake inatentha ngati waiyandikiza pambaula. Agogo anasiya kulira. Anamuyang'ana pakamwa pali yasa.

"Pulezidenti wathu?"

"Eya!"

"Anamugula ndani?"

"Palibe!"

"Nanga anthuwa adziwa bwanji? Si voti yobisa imeneyo?"

"Ananena okha! Pa kanema! Anati sangabwere kuno n'kumanamiza anthu amene anawasankha!"

Mmodzi mwa amuna aja anayandikira akukanda kumutu. Anali a Tak Man-sik, tcheyamani wa nthambi ya chipani, amene chaka chilichonse ankabwera kudzathyola maapozi kumunda kwa agogo.

"Achimwene, dzukani, mudwala. Zimenezi si za inu ayi."

"Ndani ameneyo? Man-sik?" Agogo anatambasula dzanja, Seul-bi n'kuwadzutsa. "Pali yako pamenepa?"

"Aaa, achimwene, ndi za nthambi..."

"Ndafunsa ngati pali yako."

"Iyo yakumapetoyo."

"Yaikulu bwino. Pamaliro a mkazi wanga unabweretsa kakang'ono ngati chipewa."

Mayi wina wa nsomba anaphulika kuseka, kenako anadzitseka pakamwa.

"Mwana wanu watichititsa manyazi," anatero a Tak, mawu atalimba tsopano. "Tinamunyamula pamsana ife. Anthu akutitcha tauni ya opandukira. Kwa ife wafa ameneyo."

"Wafa?"

"Wafa."

"Chabwino. Mwini maliro ndine, ndafika." Agogo analoza chitseko cha ofesi ndi ndodo imene Seul-bi anawatolera. "Wakufa timamugwadira kawiri. Gwada. Gwadira mwana wanga kawiri ine ndikuona, kenako udzandigwire dzanja undipepese."

A Tak anayang'ana chitseko, anayang'ana anzawo. Seul-bi ankawadziwa bwino bambowa: ndi amene anamugulira njinga yake yoyamba. Anaona khosi lawo likufiira.

"Achimwene, musatero."

"Walephera? Ndiye sanafe."

"Koma walakwa!"

"Mwina walakwa. Ine sindinamve nkhani yonse, ndipo ndikaimva mwina ndimuthira mbama ndekha. Pulezidenti ameneyo ndinamuvotera ndi dzanja ili. Koma undiuze, Man-sik, anzake amene avota naye ali kuti? Bwanji sunawatumizire maluwa?"

"Sitikuwadziwa."

"Ehe. Mukudziwa wanga yekha."

Agogo ananena zimenezi atatukula chibwano, ngati mmene amachitira maapozi awo akapambana pachionetsero. Seul-bi anamva chinthu chofunda chikukwera m'chifuwa mwake. Sabata yonse ankadutsira njira ya kuseri kwa msika, ndipo mnzake atamufunsa ngati phunguyo ndi m'bale wake, anayankha kuti a Maeng ndi ambiri. Tsopano anaima chilili, anthu akumuyang'ana, ndipo sanaweramitse mutu.

A Tak anawerama kamodzi, kwa agogo, monga amachitira kwa munthu wamoyo. Kenako anapita kumapeto kwa mzere, n'kunyamula nkhata yawo. Inali yolemera, miyendo yake ikukokeka pansi, maluwa akuyoyoka. Palibe anawathandiza. Nkhata zinazo zinatsala pomwepo, ndipo mwamuna wina analavula pansi asanachoke.

Ali m'takisi, agogo anatembenukira kwa Seul-bi.

"Amayi ako ali ndi foni yogwira?"

"Eya, Agogo."

"Aimbire. Amupatse."

Seul-bi anaimba. Bambo ake atayankha, mawu awo anali osasa ngati a munthu amene sanagone. Anapereka foniyo kwa agogo.

"Iwe chitsiru," anakuwa agogo, mpaka dalaivala anadzidzimuka. "Loweruka ubwere kunyumba udzandifotokozere bwinobwino. Ndipo usabwere usiku ngati mbala. Udzatsikire pamsika, ndidzakuchingamira ine."