Phiri la Samariya ndi Makina Osokera

Mlamu wanga Pilirani ndi wa ku Ntcheu. Tsiku limene achimwene anga a Ambokile anabwera naye kwathu ku Mlare, amayi anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi n'kundinong'oneza m'Chinkhonde kuti ameneyu sakhalitsa, akumwera sadziwa ulemu. Kwathu kuno mtengwa sayang'ana apongozi ake aamuna kumaso, ndipo dzina lawo salitchula ngakhale nyumba ikupsa. Abambo athu dzina lawo ndi Manase.

Pilirani anayesetsa, mwana wa eni ake. Akawaona abambo akubwera panjira ankakhotera m'munda wa chinangwa mpaka adutse. Koma amayi ankangoti, "Mlendo ndi mame, tiona dzuwa likakwera." Mawu amenewa ankamuwawa Pilirani, moti ndinamupezapo akulira kuchitsime.

Kenako kunabwera mpikisano wa mafunso a m'Baibulo wa amayi a m'mipingo ya dera lathu, wochitikira ku Uliwa. Mphoto yake makina osokera, opalasa ndi mapazi, atsopano. Ine Towera mtima unangoti phaa! Mumtima ndinali nditayamba kale kusoka mayunifolomu a sukulu yonse. Koma mutu wanga ndi sefa, wakuthwa ndi wa mlamu wanga. Ndiye ndinamukakamiza kuti alowe.

Masana aliwonse ndinkamufunsa mafunso tikusenda chinangwa, ndipo ankayankha ngati akumwa madzi. Tsiku lina ndinafunsa za phiri la Samariya, lija mfumu ina inagula n'kumangapo mzinda, kuti linali m'dera la fuko liti. Anatsegula mapu a kumapeto kwa Baibulo, n'kuloza ndi chala. Nditawerenga pamene analozapo tinaseka mpaka misozi.

"Mafunso ndi ambirimbiri, mlamu," ndinatero. "Limeneli silingabwere."

Pakamwa pangapa!

Tsikulo tchalitchi linadzaza, ena kusuzumira m'mawindo. Abambo anakhala kutsogolo ndi akuluakulu a mpingo, ndiye Pilirani ankayankha ataima chammbali, maso kukhoma. Amayi anakhala pafupi ndi ine, nkhope ili gwaa. Opikisana anagwa mmodzimmodzi mpaka kutsala awiri, Pilirani ndi mayi wina wa ku Uliwa konko dzina lake Emma. Wofunsa mafunso anali mbusa wachilendo wochokera ku Lilongwe, wosadziwa kanthu za kwathu.

"Mayi a ku Mlare," anatero abusawo, "mukakhoza ili makina ndi anu. Phiri la Samariya linali m'dera la fuko liti?"

Mayo ine! Pilirani anagwira maikolofoni ndi manja awiri, pakamwa pali yasa. Anthu a ku Mlare, amene ankadziwa vuto lake, anayamba kunong'onezana. Amayi sanaphethire n'komwe.

"Alembe papepala!" ndinakuwa.

"Malamulo akuti pakamwa," anayankha abusa.

"Nanga aloze munthu!"

"Mayi inu khalani pansi. Munthu ndi phiri zikugwirizana pati?"

Ndinayang'ana abambo. Mkulu uja anali akugwedezera mutu pang'onopang'ono, ngati akuti nena mwanawe, palibe mlandu. Koma Pilirani akanawaona bwanji, maso ali kukhoma?

"Abusa," anatero Pilirani, "yankho ndikulidziwa, koma pakamwa pangapa silingatuluke. Apatseni anzangawa."

Emma sanachedwe. Anakuwa dzina la abambo anga lija, Manase, tchalitchi lonse kumva, ngati akuwaitanira chakudya. A ku Uliwa anaimirira ndi nyimbo, makina n'kupita. Kunena zoona ndinapsa mtima, ndinkafuna kumutafuna mlamu wanga wamoyo.

Mwadzidzidzi nthungululu inalira pakhutu panga penipeni, yoposa ya opambana. Amayi! Anadutsa pakati pa mabenchi akuvina, nsapato imodzi itatsala m'mbuyo, n'kuvula chitenje chawo chapamwamba kumufunditsa Pilirani pamapewa.

"Ndagha, mwana wanga, ndagha!" anamuthokoza m'Chinkhonde. Kenako anatembenukira abusa m'Chichewa chawo chopindikapindika. "Uyu ndi wa pakhomo panga ine. Mumuone bwino!"

Abusa anangoti kakasi, n'kufunsa wapambali pawo ngati mayiwa amva bwino amene wapambana. Pilirani analira ngati kamwana, nkhope ataibisa pachifuwa cha amayi. Inenso mkwiyo unandithera pomwepo, ngakhale maso anga anaperekeza makina aja mpaka atawakweza panjinga.

Pobwerera, abambo ankayenda patsogolo ndi a Ambokile, ife akazi m'mbuyo patali ndithu. Tili pafupi ndi msewu waukulu anaima, osacheuka, n'kulankhula mokweza kuti mphepo itifikitsire.

"Ambokile, umuuze mkazi wako kuti wolakwa si iye ayi. Olakwa ndi agogo ako. Mayina onse ali m'dziko muno, akanangonditcha Brighton, bwenzi lero tikusenza makina."